Mpweya wa Tulo Utawathera Amayi

Mphuno yanga imakumbukira kuposa mutu wanga. Mwezi wathawu pa msika wa ku Furancungo ndinadutsa pamene mayi wina amagulitsa masuku opsetsa, ena ataphulika kale ndi dzuwa, ndipo ndinangoima chilili mpaka mayiyo anandifunsa ngati ndadwala. Sindinadwale ayi. Fungo lotsekemera lija limafanana ndi la halotano, mankhwala amene ndagonetsera anthu zaka zambiri m'bloko, chipinda chimene madotolo amang'ambiramo odwala. Anthu akwathu sadzivuta ndi dzina lachikuwa limeneli, la azungu, iwo amangoti mpweya wa tulo. Ndikamva fungo lake ndimasowa anthu awiri, ndipo mmodzi mwa iwo sindinamuonepo nkhope.

Mpweyawu ndinakumana nawo koyamba ndili wodwala, ndisanalote n'komwe zogwira ntchito m'chipatala. Ndinali mtsikana wa mimba yoyamba. Mwamuna wanga, mphunzitsi wa ku Chidzolomondo, ananditumiza kwathu ku Tsangano kuti ndikachirire kwa amayi, monga mwa mwambo. Pakhomo tinalipo awiriwiri, chifukwa pobwerera kuchokera kothawa nkhondo ku Malawi abambo tinawasiya m'manda a kumeneko. Matenda atandiyamba ndinavutika masiku awiri, mpaka ananditengera ku chipatala chachikulu, kutali ndi kwathu. Ndikukumbukira bambo wina wa maso ofiira akundivundikira maskara yakuda, chophimba mphuno ndi pakamwa, n'kunena kuti ndiwerenge mpaka deshi, ndiye kuti khumi. Ndinafika pa kwaturu, zinayi zokha.

Podzuka mimba inali itaphwa, itamangidwa nsalu zoyera. Pambali panga panalibe mwana, panalibenso amayi. Namwino anandiuza mosandiyang'ana kuti mwana sanapume. Amayi anatulukira mawa lake masana, matope ouma ali m'miyendo, n'kukhala pansi pafupi ndi kama wanga.

"Inali nthayo, mwanawe," anatero. "Zonse tachita kale. Usalire."

Kwathu mwana wobadwa wakufa saliridwa. Amakamutaya amayi achikulire okhaokha, mwachangu, popanda nyimbo kapena bokosi, ndipo mwini mwana saonetsedwa manda. Amati ukalira, mimba imatsekeka. Ine ndinamvera, ndinaluma mlomo mpaka unatupa. Sindinalire, komabe mimba ina sindinaionenso.

Chimene ndinatsala nacho ndi fungo. Tsiku loyamba ndi lachiwiri ndinkalimva m'kamwa mwanga ndikapuma. Ndinkakumbatira manja pamphuno, n'kupumiramo, n'kununkhiza. Maganizo a mtsikana ndi achibwana, koma ndinkati mpweya umenewu unalowa m'thupi langa mwana akadali m'kati, ndiye unamufika, unamukhudza, pamene manja anga sanamukhudze. Tsiku lachitatu fungo linatha. Ndinapumira m'manja kambirimbiri, ndinangomva fungo la phala.

Mafunso anga anali atatu okha, ndipo ndinawafunsa zaka zambiri. Anali mwamuna kapena mkazi? Munakamuika pati? Kodi alipo amene anamunyamula bwino, kapena anangomukulunga ngati katundu? Amayi yankho lawo linali limodzi: "Madzi akatayika saoleka." Akatero ankayamba nkhani ya mbatata, kuti chaka chino yagwidwa chiwawu, kapena ya nkhuku ya aneba yomwe imaikira m'nkhokwe mwathu. Amayi anga anali munthu woti akatseka pakamwa ngakhale ubwere ndi khasu sungatsegule.

Mwamuna wanga anapirira zaka zinayi, kenako anapeza wina. Sindimusungira mangawa. Ndinamva kuti ali ndi ana asanu ndipo onse anatengera mphuno ya bambo wawo, chimene ndikuona kuti ndi chilango chokwanira. Ine ndinabwerera ku shikola, ndinaphunzira unamwino, kenako ndinapempha kukachita kurusu ya anestezia, maphunziro ogonetsa odwala. Anthu ankati ndasankha ntchito yosaoneka, yoti wodwala sakuthokoza chifukwa sakukumbukira. Sindinawauze chifukwa chenicheni. Ndinkafuna kudziwa kumene munthu amapita akafika pa kwaturu, ndi zimene zimachitika m'chipinda iye kulibe.

Ku kurusu kuja mphunzitsi wathu, nkhalamba yokonda choko kuposa chakudya, anatijambulira njira ya mpweyawu m'thupi. Umalowa m'mapapo, magazi amautenga, umafika kuubongo, munthu n'kugona. Ukatseka botolo, wambiri umatuluka momwe unalowera, ndi mpweya wopuma, osasintha konse. Koma si wonse. Wina umabisala m'mafuta a thupi n'kumatuluka pang'onopang'ono, n'chifukwa chake wonenepa amachedwa kutsitsimuka. Gawo lina, mwina limodzi mwa magawo asanu, chiwindi chimaliphwanya, ndipo zinyenyeswa zake zimatuluka ndi mkodzo masiku ambiri, kupitirira sabata. Anatiuza kuti kumene kuli zipangizo amatha kupima mkodzo wa tsiku ndi tsiku n'kuona zinyenyeswazo zikucheperachepera mpaka zitasowa.

Anzanga analemba n'kutseka makope. Ine ndinayamba kuwerengetsera masiku. Ndiye kuti tsiku lachitatu lija, pamene ndinkadandaula kuti fungo latha, mpweya unali udakalimo m'thupi langa. Ndinapita nawo kumudzi, ndinagona nawo pamphasa ya amayi, ndipo unanditsazika mwakachetechete kuseri kwa nyumba ine osadziwa. Ndinakwiya ngati munthu amene mlendo wake wachoka osamuperekeza.

Pa ntchito zipangizo zopimira mkodzo zija sindinazionepo. Muyeso wanga unali mphuno, diso ndi chala. Ndinkawerama n'kununkhiza mpweya wa wodwala, ndinkakhudza nsidze kuona ngati zikuphethira, ndinkayang'ana pakhosi ngati wayamba kumeza malovu. Masiku otsatira ndinkakoka chikope n'kuona choyera cha diso, chifukwa chiwindi chikalephera ntchito yophwanya ija maso amachita chikasu. Patapita zaka anatibweretsera makina amene amanunkhiza okha mpweya wotuluka mwa wodwala n'kulemba nambala pagalasi. Ndinawachitira nsanje sabata yathunthu, kenako tinagwirizana.

Pali kanthawi kena kamene makinawo sakalemba. Nambala ikatsika kwambiri, munthu asanadzuke bwinobwino, pakamwa pamamasuka mutu usanabwerere. Ena amaimba, ena amatukwana apongozi, ena amaitana anthu amene anamwalira kale. Anthu akumudzi amadziwa zimenezi kuposa madotolo. Azimayi ambiri asanagone amandigwira dzanja n'kunong'oneza kuti, "Achemwali, ndikayamba kubwebweta munditseke pakamwa." Ndipo amuna ena amafuna kudzaima pakhomo, ati kudera nkhawa mkazi, chikhalirecho makutu ali tcheru kuti amve dzina limene lituluke. Amenewo ndinkawathamangitsa popanda ulemu. Wina ndinamuuza kuti ngati akufuna zinsinsi za mkazi wake ayambe wagona iyeyo, mkaziyo aime pakhomo. Mawu a munthu amene mpweya sunamuthere si ake, ndipo kuwatola ndi kuba. Lamulo limeneli ndinadziikira ndekha, ndipo ndinkalinyadira.

Pa tchuthi ndinkapita ku Tsangano kukathandiza amayi kudimba. Dimba lawo linali m'mphepete mwa dambo, nthaka yakuda yoti mbatata imachita kusefukira m'mizere. Koma kumunsi kwake, pafupi ndi madzi, kunali kangodya kamene sankalima. Kanamera tsekera ndi kamtengo ka mkuyu, ndipo mbewa zinkabisala momwemo n'kumadya mbatata yathu. Tinakangana kangati pa kangodya kameneka! Ndinkawauza kuti nthaka yabwino chonchi kuisiyira mbewa ndi ulesi. Chaka china ndinatenga khasu kuti ndikasosepo ndekha, iwo anandilanda khasulo mwamphamvu imene sindinkadziwa kuti ali nayo.

"Adotolo, kalamulireni kuchipatala kwanu," anatero. "Kuno dimba ndi langa."

Ndinanyanyala tsiku lonse, ndipo madzulo ndinakana kudya ngati mwana.

Atakalamba anayamba kudandaula chotupa chapamchombo, chimene anachibisa mpaka chinawaletsa kuwerama. Dotolo anati pafunika operasau, kuwang'amba. Ndinawatengera ku chipatala chimene ndinkagwirako ntchito nthawi imeneyo. Munthu sagonetsa mayi ake omubala, choncho ntchitoyo inali ya kolega wanga, mnzanga wa pantchito, bambo wodekha amene tinagwira limodzi zaka zambiri. Ine ndinangopempha kuima kumutu.

M'mawa wa tsikulo, ndikuwavula mpango, amayi anandigwira pamkono.

"Ndimamva zimene mpweya wanuwu umachita," anatero. "Iwe uli ndi mafunso ako aja. Usandibere mawu ndili mtulo."

"Amayi, inu mukundiyesa wakuba?"

"Ndikukuyesa mwana wanga. Ndinakubala ndine."

Ndinaseka, koma nkhope inandiwotcha, chifukwa ganizo limenelo linali litandizungulira kuyambira tsiku limene dotolo anatchula operasau.

Zonse zinayenda bwino. Dotolo atasoka, kolega wanga anatseka botolo, ndipo ine maso anga anali pagalasi lija. Nambala inayamba kutsika mofulumira, kenako mwaulesi, monga imachitira nthawi zonse. Ndinawerama n'kununkhiza mpweya wa amayi. Masuku okhaokha. Ndinakhudza nsidze, zinagwedezeka. Anameza malovu. Kolega anawachotsa chubu chapakhosi, anaona kuti akupuma bwino, n'kupita kukasamba m'manja. Tinatsala awiri.

Zaka zonse zija ndinkadikira khomo limeneli, ndipo linali pululu. Ndikanangofunsa motsitsa mawu, akanayankha, ndipo podzuka sakanakumbukira kanthu. Palibe akanadziwa. Ndinaika pakamwa panga pafupi ndi khutu lawo. Ndinati, "Amayi," ndipo liwu lotsatira linali kale palilime. Ndinakumbukira amuna aja ndinkawathamangitsa pakhomo, ndipo ndinazindikira kuti sindisiyana nawo, kungoti ine ndinavala yunifomu. Ndinameza funso langa. 

Amayi anayankhula okha, maso ali chitsekere.

"Wagona, amotorishita," anatero momveka bwino. "Musamudzutse, wagona."

Anabwereza kawiri, dzanja lawo likusisita m'mbali mwa kama. Ndinayesa akulota za ulendo wina wa pa shapa, minibasi ya kwathu kuno, akuyankhula ndi woyendetsa wake, mwina wa nthawi yothawa nkhondo ine ndili wamng'ono. Kenako anatsegula maso n'kufunsa ngati wina wapatsa nkhuku madzi.

Atatuluka m'chipatala ndinatenga tchuthi n'kupita nawo ku Tsangano. Inali nyengo yozizira, nkhungu imachedwa kuchoka m'mapiri mpaka dzuwa litakwera. M'mawa uliwonse ndinkawakhazika pakhonde, n'kuwakoka chikope kuona ngati maso achita chikasu. Moyo wanga wonse ndinali ndisanayang'anepo amayi m'maso pafupi chonchi. Kwathu mwana sachita zimenezo. Iwo ankangopirira, akuyang'ana kumbali.

Tsiku lachiwiri anandifunsa ngati anabwebweta.

"Pang'ono. Za motorishita."

 "Nanga iwe unafunsa?"

"Ndinatsala pang'ono. Koma ayi."

 Anangofunsa ngati mpweya uja watha m'thupi mwawo. Ndinawafotokozera monga anatifotokozera mphunzitsi uja, kuti wambiri anaupuma kale, koma wina chiwindi chikuuphwanyabe ndipo uzituluka ndi mkodzo. Anafuna kudziwa tsiku lenileni. Ndinawauza kuti popanda zipangizo palibe angaloze tsiku, koma iwo sanali munthu wolandira yankho lotero. Ndiye ndinangodula kuti masabata awiri.

Kuyambira pamenepo inasanduka nkhani ya tsiku ndi tsiku. Akamachokera kuseri ankati, "Adotolo, ndakatayako wina." Ankamwa madzi ambiri kuposa ng'ombe, ati kuti autsuke msanga. Mlamu wawo atabwera kudzawazonda n'kuwafunsa za malire a munda, anamubweza: "Mubwere mwezi ukatha, achimwene. Panopa amene akuyankhula ndi mankhwala a mwanayu." Ine ndinkaseka, ndinkaona ngati ndi nthabwala za ukalamba. Sindinadziwe kuti akuwerenga masiku mosamala kuposa ine.

M'mawa wa tsiku lomaliza la masabata awiri aja ndinawapeza atavala kale, ndodo ili m'manja.

"Lero watha?"

"Watha, amayi."

"Ndiye zimene ndinene lero ndi zanga. Tiye kudimba."

Ndinawakaniza kuti bala silinapole, koma anali atayamba kale kuyenda. Tinatsika pang'onopang'ono, mame akutinyowetsa makapulana, zitenje zathu. Tinadutsa mizere ya mbatata osaima. Tisanafike ndinaona kuti mapazi awo akulunjika kumunsi, ku tsekera kuja. Anaima pansi pa mkuyu, umene tsopano unali utatalika kuposa denga la nyumba, n'kuloza pansi ndi ndodo.

"Anali mtsikana," anatero. "Tsitsi lambiri ngati lako. Ali apa."

Ndinakhala pansi pamame pomwepo. Malo amene ndinkawatcha a mbewa. Malo amene ndinabwera ndi khasu kuti ndiwasose.

Amayi anakhala pachulu chaching'ono n'kufotokoza zonse, mawu awo osakwera osatsika. Kuchipatala kuja anawauza kuti pali malo kuseri kumene amaika ana otere. Iwo anakana. Anati mdzukulu wawo woyamba sangagone pakati pa alendo, kumene palibe amene adzadutsepo n'kumukumbukira. Koma kwathu kunali kutali, ndipo palibe motorishita amene amalola maliro mu shapa ya anthu amoyo. Ndiye anamusambitsa, anamuveka kachipewa kamene ndinaluka ndekha, anamuika kumsana n'kumanga kapulana monga amangira mwana aliyense, n'kumufunditsa ina pamwamba. Anakwera shapa. Motorishita atafuna kusuzumira kuti aone kamwanako, anamuuza kuti wagona.

"Njira yonse ndinkamugwedeza," anatero. "Mayi wina pambali panga anati mwanayu ndi wofatsa bwanji. Ndinati eya, watengera amake. Bodza lenileni, iwe unali wolira ngati chiyani."

Pamene shapa inathera anayenda wapansi, mwana ali kumsana, kukwera ndi kutsika mapiri aja. Ankamuuza mayina a midzi imene ankadutsa, kuti adziwe kwawo. Atafika anaitana amayi awiri achikulire, onse anamwalira kale tsopano, n'kumuika pano pafupi ndi madzi, pozizira, kuti mimba yanga isaume. Atatha anabwerera kuchipatala osasamba n'komwe m'miyendo.

"Unkandifunsa ngati alipo anamunyamula bwino. Ndinamubereka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Msana wanga uno unamufunditsa."

Ndinawafunsa chifukwa chimene anandibisira zaka zonsezi. Mawu anga anatuluka aukali, sindinathe kuwabweza.

"Poyamba ndinkaopa mwambo, kuti ukadziwa ulira, ndiye sudzaberekanso. Zaka zitapita ndinaona kuti mwambo sunakuthandize, ndipo ndinayamba kuopa iwe. Ndikanakuyang'ana bwanji? Tsiku lija m'chipatala ndinagona ndikudziwa kuti ukhoza kutenga wekha. Sunatenge. Ndiye ndinati ndikupatse ndi manja anga, mutu uli wangawanga."

Kenako anawonjezera, "Lira tsopano. Palibenso chimene chingatsekeke."

Ndinalira. Ndinalira kulira kwa zaka zonse zija, nkhope ili m'tsekera, mpaka anthu a m'madimba oyandikana anaimika makasu. Amayi sananditonthoze. Anangoika dzanja pamsana panga n'kumasisita, monga ankasisitira m'mbali mwa kama uja.

Anakhala ndi moyo zaka zina zitatu. Tsopano ndimagwira ntchito kuno ku Macanga, kumene kulibe bloko, ndipo halotano ndinasiya kumugwira kalekale. Dimba lija amalima ndi mwana wa mlamu wawo, ndipo chaka chilichonse amandidandaulira pa lamya kuti mbewa za m'kangodya kaja zikumuthera mbatata. Ndimamuuza kuti akalamulire kumunda kwake.

Mayi wa masuku uja ndinamugula mulu umodzi kuti asandione ngati wamisala. Sindinadye. Ndinawaika m'mbale pawindo, ndipo anakhala pamenepo mpaka fungo litatha.